Fanikiso Phiri: Dzina Limene Wophunzira Aliyense Ayenera Kulidziwa

Anzanga, musanathamangire kukagula zitumbuwa, taimani kaye pabolodi pano. Nkhani ya ulendo uno ndi yaitali, ndikudziwa, n'chifukwa chake ndaigawa m'timitu. Mukhoza kuwerenga kamutu kamodzi pa buleki ya lero, kena mawa. Chonde musang'ambe pepala, ena akubwera kudzawerenga pambuyo panu.

Sabata yatha ndinafunsa anzanga angapo a Fomu 3 ndi Fomu 4 ngati anamvapo za Fanikiso Phiri. Onse anangopukusa mitu. Wina mpaka anandifunsa kuti, "Amamenyera timu iti ameneyo?" Koma nditatchula Evison Matafale, aliyense anati, "Aaa, wa Black Missionaries uja!" Chonsecho imfa za anthu awiriwa n'zolumikizana, ndipo zinachitika motsatizana, mwezi usanathe.

Fanikiso anali wophunzira wa pa Chancellor College ku Zomba, sukulu yaukachenjede imene lero ikutchedwa University of Malawi, koma ambiri amangoti Chanco. Anaomberedwa ndi apolisi mu Disembala 2001 pa zionetsero za ophunzira, ndipo anamwalira ndi bala la chipolopolo chimenecho.

Mwina mukuti, zakale zimenezo, ife tinali tisanabadwe, zikutikhudza pati? Zikutikhudza apa. M'makalasi mwathumu muli ena amene akulota zopita ku Chanco, ku MUBAS kapena ku Mzuni. Mulinso ena amene akuti MSCE ikangotuluka akalembetsa upolisi, paja sukulu ya apolisi ya Mlangeni ili m'boma lathu lomwe lino la Ntcheu. Ndiye kuti m'zaka zochepa zikubwerazi, tsiku lina mumsewu mudzakumana anthu awiri amene ankakhalira desiki imodzi: wina atanyamula chikwangwani, wina atanyamula mfuti. Onse awiri ayenera kudziwa lamulo tsikulo lisanafike. Phunziro lino ndi la onse awiri.

1. Dziko linali bwanji mu 2001?

Mu 2001 mtsogoleri wa dziko anali a Bakili Muluzi, amene analowa m'boma mu 1994 n'kusankhidwanso mu 1999. Ulamuliro wa zipani zambiri unali ndi zaka 7 zokha. Malamulo aakulu a dziko amene tikugwiritsa ntchito lerowa analipo kale, ufulu wolankhula ndi wochita zionetsero unali utalembedwamo.

Koma chaka chimenecho m'nkhokwe munalibe kanthu. Chimanga sichinachite bwino m'madera ambiri. Kuwonjezera apo, chimanga chimene boma limasunga kuti chidzathandize pa nthawi ya njala chinali chitagulitsidwa. Pofika kumapeto kwa chaka mtengo wa chimanga unali utakwera kangapo, ndipo pa misika ya ADMARC anthu ankagona pamzere. Mu Febuluwale 2002 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Mukapita kunyumba lero, kafunseni amayi kapena agogo za njala ya 2002. Akakuuzani okha za madeya, za mizu ya kutchire ndi za mbuzi zimene ankagulitsa pa mtengo wa nkhuku.

Mkati mwa mavuto amenewa munagwa nkhani ya Evison Matafale. Iyeyu anali woyimba chamba cha rege wa ku Chileka m'boma la Blantyre, amene anayambitsa gulu la Black Missionaries ndi kutulutsa zimbale za Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Mu Novembala 2001 apolisi anamumanga pomuganizira kuti analemba makalata odzudzula mtsogoleri wa dziko ndi boma lake. Anamumanga akudwala, n'kupita naye ku Lilongwe. Pa 27 Novembala 2001 anamwalira ali m'manja mwa apolisi. Kafukufuku wa boma anati chinamupha ndi chibayo, koma anthu ambiri sanakhutire nazo. Funso lawo linali lakuti: munthu wodwala, amene mlandu wake ndi kalata basi, amafera bwanji m'manja mwa anthu amene ntchito yawo ndi kuteteza moyo?

2. Zimene zinachitika ku Zomba

Ophunzira a pa Chancellor College anali ndi mbiri yolankhula pamene ena akuopa. Mu Malichi 1992, maepiskopi a mpingo wa Katolika atatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ophunzira a pa sukuluyi anaguba kusonyeza kuti akugwirizana nawo, ndipo sukulu inatsekedwa. Nthawi imeneyo kungotsutsa boma pakamwa kunali kudziitanira ndende.

Choncho mu Disembala 2001, nkhani ya Matafale ili mkamwamkamwa ndipo mtengo wa chimanga ukungokwererakwerera, ophunzira anatulukanso kukaonetsa mkwiyo wawo. Apolisi anabwera kudzawabalalitsa. Zinthu zinavuta, ndipo apolisi anaombera zipolopolo zenizeni. Chimodzi chinapeza Fanikiso Phiri. Anathamangira naye kuchipatala, koma moyo wake sunapulumuke.

Taonani kuwawa kwake kwa nkhaniyi. Ophunzira anatuluka kukadandaula kuti munthu wafera m'manja mwa apolisi, ndipo yankho limene analandira linali imfa ina yochokera kwa apolisi omwewo.

Kuti timvetse kukula kwa chimene chinatayika, tiyeni tiganizire za kwathu kuno. Nthawi imeneyo mayunivesite a boma anali awiri okha, University of Malawi ndi Mzuzu University. Malo anali ochepa kwambiri, kuposa lero. Mwana mmodzi akasankhidwa, mudzi wonse unkamva. Inu nomwe mukudziwa zimene makolo athu amachita kuti tingofika Fomu 4 yokhayi: kugulitsa mbatata ya kachewere, kugwira ganyu, kukongola kubanki m'khonde, kusiya kugula feteleza kuti mwana alipire mayeso. Ndiye tangoganizani mwana woteroyo wadutsa zonsezo, wafika ku yunivesite, abale akuwerenga zala kuti atsala pang'ono kuyamba ntchito, kenako galimoto ikubwera ndi bokosi. Chipolopolo chimodzi chimagwetsa munthu mmodzi, koma amene amavutika nacho kwa zaka zambiri ndi banja lonse.

3. Kodi lamulo likuti chiyani?

Apa ndiye pamtima pa phunziro lathu. A Social Studies, tulutsani makope.

Choyamba, kuchita zionetsero si mlandu. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pamodzi ndi anzake. Koma gawoli laika mfundo ziwiri: zikhale zamtendere, ndipo anthu asanyamule zida. Mawu akuti munthu aliyense akuphatikizapo wophunzira, mlimi, wogulitsa tomato pa Lizulu, aliyense.

Chachiwiri, moyo ndi wotetezedwa. Gawo 16 likuti aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, ndipo palibe amene angauchotse mwachisawawa. Ngakhale chilango cha imfa chimene gawoli likutchula, wopereka ndi khoti, mlandu utazengedwa, mboni zitamvedwa. Wapolisi ali mumsewu si khoti. Gawo 19 likuletsa kuzunza munthu kapena kumuchitira nkhanza zomuchotsera ulemu. Ufulu wa moyo ndi woti usazunzidwe sungachotsedwe ngakhale boma litalengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti.

Chachitatu, ntchito ya apolisi inalembedwa. Gawo 153 likuti apolisi alipo kuti ateteze anthu ndi ufulu wawo. Ndiye kuti pa tsiku la zionetsero, wapolisi sanabwere kudzathana ndi oguba. Wabwera kudzateteza oguba, odutsa m'njira, eni mashopu ndi katundu wawo.

Malamulo atatu onsewa analipo kale tsiku limene Fanikiso anaomberedwa. Chimene chinabwera pambuyo pake ndi lamulo latsopano la apolisi la mu 2010. Lamuloli linafotokoza ndondomeko ya zionetsero. Okonza zionetsero ayenera kulembera kalata bwanamkubwa wa boma, amene timangoti a DC, ndi kupereka kope kwa mkulu wa polisi wa deralo. Kalatayo ipite kutatsala maola osachepera 48, koma osapitirira masiku 14. Mvetsetsani apa: kalatayo ndi yodziwitsa, si yopempha chifundo. A DC akhoza kuitanitsa mkumano wokambirana za tsiku, njira ndi chitetezo, ndipo okonza zionetsero akaona kuti awaletsa popanda chifukwa chomveka, akhoza kupita kukhoti. Lamulo lomweli likutinso katundu akaonongeka, okonza zionetsero ndi oononga akhoza kulipitsidwa.

Nanga mfuti? Lamulo la apolisi silinapatse wapolisi ufulu woombera mmene wafunira. Ayenera kuchenjeza kaye, ndipo ngakhale pamene mfuti yaloledwa, cholinga chikhale kufooketsa munthuyo, osati kumupha. Bungwe la United Nations nalonso linagwirizana mfundo za kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu ndi mfuti pa msonkhano wa ku Havana m'dziko la Cuba mu 1990. Mfundozo, mwachidule, zikuti wapolisi ayambe ndi njira zosavulaza, mphamvu imene akugwiritsa ntchito ilingane ndi kukula kwa choopsa chimene chilipo, ndipo kuombera mofuna kupha kuchitike pokhapokha palibiretu njira ina yopulumutsira moyo wa munthu. Wina akavulala, wapolisi yemweyo aonetsetse kuti wathandizidwa msanga ndipo abale ake adziwitsidwa.

Tikaika zonsezi pamodzi tikupeza kuti kubalalitsa gulu la anthu si chifukwa chokwanira choombera chipolopolo chenicheni. Kutukwanidwa si chifukwa. Kutsekedwa kwa msewu si chifukwa. Windo losweka amaikanso lina, msewu amautsegula, koma munthu akapita wapita.

4. "Koma ophunzira nawonso amagenda miyala"

Mawu amenewa ndawamvapo, ndipo si onama. Tisanamizane, zionetsero zambiri m'dziko muno zimathera kugenda, kuotcha matayala ndi kuba m'mashopu. Mwala nawonso umapha. Pa 8 Okutobala 2019 wapolisi wina, a Usumani Imedi, anaphedwa pogendedwa ndi miyala kwa Msundwe m'boma la Lilongwe ali pa ntchito. Nayenso anali mwana wa munthu, ndipo kwawo analira monga momwe analirira kwawo kwa Fanikiso. Amene amagenda wapolisi wapalamula mlandu, ndipo wadzichotsa yekha pansi pa chitetezo cha gawo 38 lija, paja likuti mwamtendere ndi mopanda zida.

Komabe pali mfundo ziwiri zoti tizigwire. Yoyamba, mlandu ndi wa amene wapalamula. Anthu 5 akagenda pakati pa anthu 500, apolisi ayenera kugwira asanuwo ndi kuwatengera kukhoti. Enawo ufulu wawo sunathe. Chipolopolo chikaomberedwa pagulu sichifunsa kuti wagenda ndani. N'chifukwa chake kawirikawiri ofa pa zionetsero amakhala odutsa m'njira, ogulitsa malonda, ngakhalenso ana. Mu 2004, pa zipolowe za pambuyo pa chisankho, kamtsikana kakang'ono, Epiphania Bonjesi, kanaphedwa ndi chipolopolo cha apolisi ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Kanalakwira ndani?

Yachiwiri, wapolisi ndi munthu wophunzitsidwa, wolipidwa ndi misonkho, amene wapatsidwa mfuti m'dzina la tonsefe. Gulu likapsa mtima, iye ndi amene ayenera kukhala wodekha. Akabwezera mkwiyo ndi mkwiyo, ndiye kuti maphunziro ake aja apita pachabe. Kwa Msundwe komweko, a Imedi ataphedwa, apolisi ena anapita kukabwezera pogwirira ndi kuchitira nkhanza amayi ndi atsikana a kwa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, anthu amene sanakhudzidwe n'komwe ndi imfayo. Mu 2020 khoti lalikulu linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipepeso.

Dziwaninso kuti ngakhale zida zimene amati n'zosapha zimapha zikagwiritsidwa ntchito molakwika. Ku Zambia, mu Okutobala 2018, wophunzira wa pa University of Zambia mumzinda wa Lusaka, Vespers Shimuzhila, anamwalira atabanika ndi utsi apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi m'zipinda zogona ophunzira pa nthawi ya zionetsero. Utsi umenewu anaupangira pabwalo pomwe anthu angathawe, osati m'chipinda.

5. Munthu akafa, chilungamo chimabwera bwanji?

Imfa ya Fanikiso siinali yomaliza. Pa 20 ndi 21 Julayi 2011, nthawi ya a Bingu wa Mutharika, anthu anachita zionetsero m'mizinda chifukwa cha kusowa kwa mafuta a galimoto, ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka boma. Anthu 20 anafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu, ndipo ena anaikidwa m'manda a Zolozolo mumzindawo.

Patangopita miyezi iwiri, pa 24 Seputembala 2011, Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic imene lero ndi MUBAS, anapezeka atafa pa sukulupo. Iyeyu ankadziwika ndi kudzudzula boma. Apolisi anathamangira kunena kuti wadzipha. Koma dokotala woyeza mitembo, a Charles Dzamalala, anapeza kuti mabala ake sankagwirizana ndi nkhani imeneyo. Mu 2012 a Joyce Banda atalowa m'boma anakhazikitsa komiti yofufuza motsogozedwa ndi jaji Andrew Nyirenda, ndipo komitiyo inapeza kuti Chasowa anachita kuphedwa.

Nkhani ina ndi ya a Buleya Lule, amene anafera m'chitokosi cha apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019 akuganiziridwa pa mlandu wosowetsa mnyamata wa khungu lachialubino. Kuyeza thupi ndi kafukufuku wa bungwe la Malawi Human Rights Commission zinaonetsa kuti anazunzidwa. Zinatenga zaka zoposa 5, koma kumapeto kwa 2024 khoti lalikulu linapeza apolisi 6 olakwa ndi kuwalamula kukakhala kundende.

Mukaziyang'ana bwino nkhanizi muona chinthu chimodzi. Pamene choonadi chinatuluka, sichinatuluke chokha. Panali dokotala amene anayeza thupi n'kulemba zimene anaona mosaopa. Panali mboni zimene zinalimba mtima. Panali achibale amene sanatope kuyenda kukhoti, atolankhani amene sanaleke kufunsa, ndi maloya amene anaima nawo. Pamene zimenezi zasowa, nkhani imangozirala, fayilo imasowa, ndipo patapita zaka 20 ana asukulu amafunsa kuti munthuyo amamenyera timu iti.

Lero malo okadandaula alipo. Pali Malawi Human Rights Commission. Pali ofesi ya Ombudsman. Pali Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha lofufuza madandaulo okhudza apolisi, makamaka imfa ndi kuvulala kochitika m'manja mwawo. Bungweli linalembedwa m'lamulo la 2010 lija, koma linayamba kugwira ntchito patatha zaka pafupifupi 10. Kwa amene alibe ndalama ya loya pali Legal Aid Bureau. Lembani maina amenewa kumapeto kwa kope lanu. Safunsa anadya phula.

6. Nanga ife a pa CDSS?

Wina anena kuti ife si a yunivesite, sitiguba mumsewu. Zoona. Koma tonse tamvapo pa wailesi za sukulu za sekondale zimene ophunzira aswa mawindo, aotcha ofesi ya ahedi kapena laibulale chifukwa cha zakudya, chilango kapena mpira umene waletsedwa. Zikatero ahedi amaimbira apolisi, ndipo zimene zinayamba ngati dandaulo la mkalasi zimasanduka nkhani ya utsi wokhetsa misozi, zibonga ndi chitokosi. Mapeto ake sukulu imatsekedwa, makolo amalipitsidwa ndalama zokonzera, ndipo a Fomu 4 amalowa mayeso a MANEB silabasi isanathe.

Madandaulo ife tili nawo, ndipo ena ndi omveka: mabuku ochepa, zipangizo za sayansi zosowa, madesiki osakwana, zimbudzi. Kukhala chete si yankho. Koma dandaulo lili ndi njira yake.

Lembani dandaulo papepala, momveka, ndi tsiku lake. Mawu a pakamwa amauluka, ndipo mawa aliyense amakana kuti sanamve. Lipereke kudzera kwa mapulifekiti kapena khonsolo ya ophunzira kupita kwa aphunzitsi a kalasi ndi kwa ahedi, ndipo sungani kope. Pemphani mwaulemu tsiku limene mudzamve yankho. Zikakanika, makolo a PTA ndi komiti yoyendetsa sukulu alipo, ndipo iwowa ali ndi mphamvu yofunsa zimene ife sitingafunse. Pamwamba pawo pali ofesi ya maphunziro ya chigawo chathu cha Central West. Mafumu athu nawonso amamva nkhani za sukulu, paja njerwa za makalasiwa anaumba ndi anthu awo.

Chenjerani ndi munthu amene amabwera usiku n'kumati, "Amuna ndi amene agende." Kawirikawiri apolisi akamafika iyeyo amakhala atazemba kale, ogwidwa n'kukhala a Fomu 1 amene amangotsatira.

Mukapezeka pamalo pomwe zinthu zavuta, kaya ndi pasukulu, pamsika kapena pa Ntcheu boma, chitani izi. Musatole mwala, ngakhale ndodo. Musathamangire kumene kuli apolisi, ndipo musapite kukaonerera. Utsi wokhetsa misozi ukaponyedwa, tulukani m'chipinda, pitani kumene kukuchokera mphepo, musatikite maso, sambani ndi madzi ambiri oyera. Amene ali ndi mphumu athandizidwe msanga. Mnzanu akavulala musamusiye, ndipo musamubise kunyumba poopa milandu. Apite kuchipatala, ndipo zimene adokotala apeza zilembedwe, chifukwa pepala limenelo ndi umboni. Mukafika kunyumba lembani zimene mwaona ndi maso anu: nthawi, malo, nambala ya galimoto ngati munaiona. Zongomva musalembe.

Mukagwidwa, musalimbane nawo. Gawo 42 la malamulo aakulu likuti muuzidwe chifukwa chimene akumangirani m'chilankhulo chimene mukumva. Muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe amene angakukakamizeni kuvomera mlandu. Muyenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito maolawo akathera pa tsiku lopuma. Ngati simunakwane zaka 18, malamulo akuti ndinu mwana: makolo kapena okuyang'anirani adziwitsidwe, ndipo musaikidwe m'chitokosi chimodzi ndi akuluakulu. Musasayine pepala limene simunawerenge. Belo ya kupolisi ndi yaulere.

7. Kwa inu amene mukufuna upolisi

Musachite manyazi, ndi ntchito yabwino, ndipo dziko likufuna apolisi ophunzira. Mbuzi zikabedwa usiku, mwana akagwiriridwa, ngozi ikachitika pa msewu wa M1, tonse timathamangira kwa iwo. Koma mukadzavala yunifolomu ija, ku Mlangeni, ku Mtakataka kapena ku Limbe, mudzakumbukire pepala lino. Tsiku lina adzakuimikani kutsogolo kwa gulu la achinyamata okwiya, akukutukwanani, mwina mwala utakuphonyani pang'ono. Mtima udzathamanga, chala chili pa mfuti. Nthawi imeneyo mudzadziwe kuti mawu akuti "anandituma ndi abwana" sachotsa mlandu ngati lamulo limene mwapatsidwalo ndi loonekeratu kuti n'lolakwika. Apolisi 6 a mlandu wa a Lule aja anaima pamaso pa jaji aliyense ndi dzina lake. Mudzadziwenso kuti m'gulu mukuliyang'analo mukhoza kukhala mng'ono wanu, kapena mnzanu uja munkabwerekana naye kalikyuleta. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana

1. Tchulani mfundo ziwiri zimene gawo 38 laika kuti zionetsero zikhale zotetezedwa ndi lamulo.
2. Fotokozani kusiyana kwa kudziwitsa a DC ndi kupempha chilolezo.
3. N'chifukwa chiyani kuyeza thupi kunali kofunika pa nkhani ya Robert Chasowa ndi ya a Buleya Lule?
4. Anthu ochepa ayamba kugenda pakati pa gulu lalikulu lamtendere. Inu ndinu mkulu wa apolisi pamalopo. Lembani zinthu zitatu zimene mungachite, motsatana kwake.
5. Sankhani dandaulo limodzi lenileni la pasukulu pano, ndipo lembani kalata yaifupi, yaulemu, yopita kwa ahedi kudzera ku khonsolo ya ophunzira.

Mawu otsiriza

Chaka chilichonse pa 16 Juni timakumbukira Tsiku la Mwana wa mu Africa. Tsikuli linachokera ku Soweto m'dziko la South Africa, kumene mu 1976 apolisi anaombera ana asukulu amene ankakana kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha Afrikaans. Mmodzi mwa oyamba kuphedwa anali Hector Pieterson wa zaka 12. Kumeneko anamumangira chikumbutso, ndipo ana asukulu amaphunzira za iye. Ife timayimba ndi kuvina pa tsikuli, koma maina a ophunzira athu amene anafa momwemo sitiwadziwa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Pa 16 Juni ikubwerayi, tipemphe ahedi atilole mphindi imodzi pa asembule kuti titchule dzina la Fanikiso Phiri ndi kuwerenga mokweza gawo 16 ndi gawo 38. Amene mukugwirizana nazo, lembani maina anu papepala lili m'munsimu. Mayankho a mafunso aja ponyani m'bokosi la nyuzi yathu pofika Lachisanu, ndipo kalata yabwino koposa ya funso 5 tidzaimata pabolodi pano sabata yamawa. Amene muli ndi achibale a ku polisi, kawafunseni funso 4, tidzamve kuti iwo akuti bwanji.